Mukufuna `x += 1` mu script ya editor yanu? Njira zisanu ndi zomwe iliyonse idzakudyereni

Aliyense amene wakhala ndi Vim kwa zaka zingapo amafika pena pake poti kulemba `let` pa mzere uliwonse kwamukwana. Kapena munthu wazolowera Python komwe `x += 1` umangolemba osaganizira n'komwe, wafika mu Lua ya Neovim (editor yochokera ku Vim) wapeza kuti chimenecho kulibe, akuyenera kumalemba `x = x + 1` tsiku lonse. Ndiye ganizo limabwera, bwanji ndingoiwonjezera ndekha syntax imeneyi? Ine ganizoli linandigwirapo kwa nthawi ndithu, ndipo ndati ndiike njira zonse pamodzi kuti amene muli pamphambano musankhe mukudziwa chomwe mukulowa. Tikamati assignment apa tikunena kuika nambala, mawu kapena list mu variable, basi.

Choyamba mvetsani chifukwa chake nkhaniyi siyophweka ngati mmene imaonekera. Mu Vim mzere uliwonse wa script umawerengedwa ngati command ya Ex, zija mumalemba mukadina colon, ndipo ma command amenewa anatenga kale zilembo zambiri zomwe ife timakonda kutchulira ma variable athu. `x` ndi command yosunga fayilo ndi kutuluka. `d` imafufuta mzere, `t` imakopa mzere, `s` ndi substitute. Mukalemba `s=a=b=` Vim siiona assignment iliyonse, imamva kuti mwailamula isinthe a akhale b pa mzere umene muli, chifukwa substitute imalola `=` kulowa m'malo mwa slash. Ndiye `let` ija si kuti Bram Moolenaar, amene analemba Vim, ankakonda kutaipa zambiri ayi, ndi mpanda wolekanitsa ma variable ndi ma command. Syntax iliyonse yatsopano imene mungabweretse iyenera kupeza kamalo komwe sikanatengedwe kale, ndipo malo otero ndi ochepa.

Zomwe ndikuyezera njira iliyonse

Mtengo. Ma editor onsewa ndi aulere, ndiye mtengo ndi nthawi yanu, masiku angati musanaone chikugwira ntchito, ndi zingati zatsopano zomwe muyenera kuphunzira.

Kupezeka. Ichi kwa ine ndiye chachikulu kuposa zonse ndipo anthu ambiri amachidumpha. Funso si loti chikuyenda pa laputopu yanu, funso ndi loti chikayenda kulikonse komwe script yanu idzafike? Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Ndinalemba `let s:kukula *= 2` mu vimrc yanga, fayilo imene Vim imawerenga ikamatseguka, pa laputopu zonse bwinobwino. Usiku wina ndinalowa ndi ssh pa seva ya malo ena omwe ndinkawathandiza ntchito, ndinakopera vimrc yanga komweko kuti ndikonze config mwachangu, netiweki ikuvuta, batire ya laputopu ikutsika magetsi atazima, ndipo Vim iliyonse ndikaitsegula imayamba ndi uthenga wofiira wa error ndi kundidikiritsa kuti ndidine Enter. Seva ija inali ndi Vim 8.0, ndipo `*=` inalowa mu Vim pa patch 8.1.0902. Kamzere kamodzi kaja kanandidyera mphindi zomwe ndinalibe.

Kusamalira. Pakatha zaka ziwiri ndani adzakonze editor ikasintha, inu nokha kapena gulu la anthu?

Zoopsa. Chingasweke mwakachetechete n'chiyani? Error yofiira ndi yabwino, imakuuzani. Choopsa ndi code yomwe yayenda koma yachita china.

Njira yoyamba: osakhudza parser (gawo la editor lomasulira zomwe mwalemba), kungopanga command yanuyanu

Vim imalola kupanga command yanu, bola dzina liyambe ndi chilembo chachikulu. Mwachitsanzo:

`command! -nargs=1 Kawiri execute 'let ' . <q-args> . ' = ' . <q-args> . ' * 2'`

Kenako mukalemba `Kawiri g:kukula` nambala ija yachulukitsidwa kawiri.

Mtengo: mphindi khumi, mwina osakwana.

Kupezeka: paliponse pomwe pali Vim yokhala ndi eval, gawo loyendetsa ma variable ndi ma function, kuyambira yakalekale mpaka Neovim ya lero. Chenjezo limodzi lokha, vim-tiny imene imabwera yokha pa Debian ndi Ubuntu ilibe eval konse, ndiye `let` yeniyeniyo siyenda. Chokuthandizani n'choti Vim yoteroyo imadumpha chilichonse chili pakati pa `if` ndi `endif` osadandaula, ndiye kutsekera script yanu mkati mwa `if 1` kumaletsa phokoso.

Kusamalira: kochepa, ndi mizere iwiri itatu.

Zoopsa: pali ziwiri zobisika. Command yanu imayenda ngati ili mu script imene munaipangira, ndiye mukaipatsa variable ya `s:`, yooneka mu script imodzi yokha, kuchokera mu fayilo ina, ikafuna `s:` ya kwawo osati yanu. Chachiwiri, onani kuti mawu amene mwaipatsa akulowa kawiri mu mzere uja, kumanzere ndi kumanja. Mukaipatsa chinthu ngati `mndandanda[Sankha()]` function ya Sankha iyitanidwa kawiri, ndipo ngati imabweza nambala yosiyana nthawi iliyonse ndiye mwawerenga malo ena n'kulemba malo ena. Komanso tisanamizane, iyi si syntax yatsopano kwenikweni, mwangosintha `let` ndi liwu lina lalitali.

Njira yachiwiri: kusamukira ku Vim9 script

Apa simukuwonjezera kanthu nokha, mukulandira syntax imene Bram anaikonza kale. Inatuluka mwalamulo ndi Vim 9.0 mu June 2022. Mumayamba fayilo ndi liwu loti `vim9script`, kenako:

`var kukula = 4`
`kukula *= 2`
`var [mzere, danga] = [10, 3]`

`let` yapita, ndipo mukailemba mu fayilo yoteroyo imakanidwa. Pali `final` ya variable imene simungaiike china koma zamkati mwake zikhoza kusintha, ndi `const` imene imatseka zonse. Pali `++kukula` ndi `--kukula` ngati mzere woima pawokha. Variable ikayamba ngati nambala imakhala nambala, mukaiika mawu Vim imakana.

Chomwe chimandisangalatsa apa ndi kuona mtengo umene Bram yemweyo analipira kuti `let` ichoke. Anayenera kuletsa ma command akale angapo mu Vim9, monga `x`, `t`, `k`, `append`, `insert` ndi `change`, anakakamiza kuti range iyambe ndi colon, comment inasintha kuchoka pa `"` kupita pa `#`, ndipo mipata pambali pa `=` inakhala lamulo, `var x=1` ndi error. Mwini editor, wodziwa mzere uliwonse wa code yake, sanathe kuchotsa liwu limodzi popanda kumanga chilankhulo china pambali. Inu mukamaganiza zochita nokha, kumbukirani zimenezi.

Mtengo: masiku awiri atatu ophunzira ngati Vim script yakale mumaidziwa kale. Kusintha vimrc yaifupi ndi ntchito ya madzulo amodzi, plugin yaikulu ndi nkhani ina. Chabwino n'choti simuyenera kusamuka tsiku limodzi, function ya `def`, ya mtundu wa Vim9, imatha kukhala mu fayilo yakale, ndipo pali `vim9cmd` ndi `legacy` zosinthira mzere umodzi wokha. Zija zoti ndi yothamanga ka 10 mpaka ka 100 zisakutengeni mtima, zimenezo zimaoneka pa ma loop olemera mkati mwa `def`, pa vimrc yongoika ma option simudzamva kusiyana.

Kupezeka: apa ndiye pali fupa. Debian 12 ili ndi Vim 9.0, Ubuntu 24.04 ili ndi 9.1, amenewo muli bwino. Koma Ubuntu 22.04 ili ndi 8.2 ya nthawi imene Vim9 inali isanamalizidwe, Ubuntu 20.04 ili ndi 8.1, RHEL 8 ili ndi 8.0, ndipo CentOS 7 imene ikadali pa ma seva ambiri akale ili ndi 7.4. Ndipo Neovim siwerenga Vim9 script konse, iwo anasankha Lua. Ngati mukulemba plugin yoti mugawire anthu, mwatseka chitseko kwa onse a Neovim. Njira yodzitetezera ndi kuika za Vim9 mu fayilo yapadera n'kumaitsegula pokhapokha `has('vim9script')` yavomera, ngakhale pa 8.2 zija ndi bwino kufunsanso nambala ya version chifukwa imatha kuvomera koma zina zisanakhwime.

Kusamalira: sizili pa msana panu. Bram anamwalira pa 3 August 2023, anthu ambiri tinada nkhawa kuti Vim9 ithera pomwepo, koma gulu lotsogoleredwa ndi Christian Brabandt linapitiriza ndipo Vim 9.1 inatuluka mu January 2024 itawonjezera ma class.

Zoopsa: function ya `def` imapangidwa compile nthawi yoyamba kuitanidwa, ndiye cholakwika chikhoza kugona mkatimo milungu ingapo osaoneka mpaka tsiku lomwe mwadina batani limenelo. Zolowerani kulemba `defcompile` poyesa. China, `execute` mkati mwa `def` siiona ma variable a mkatimo, ndiye kanjira koyamba kaja ka command yanuyanu sikagwira pa iwo.

Njira yachitatu: Neovim, Lua ndi Fennel

Kuyambira Neovim 0.5 mu July 2021 config yonse itha kulembedwa mu init.lua. Lua yake ndi ya mtundu wa 5.1, kawirikawiri kudzera mu LuaJIT. Assignment ndi yoyera, `a, b = b, a` imasinthanitsa ziwiri popanda variable yachitatu, koma `+=` kulibe ndipo simungaiwonjezere kuchokera mkati mwa Lua.

Chomwe Lua imakupatsani ndi china, kusintha tanthauzo la `=` imene ilipo kale. Table ikakhala ndi metatable (table ina yonena mmene yoyambayo izichitira) yokhala ndi `__newindex`, kuika chinthu pa dzina lomwe mulibe mu table ija kumaitana function yanu. Umu ndi mmene `vim.o.number = true` imagwirira ntchito, ikuoneka ngati assignment wamba koma kuseri ikuuza editor kuti isinthe option. Inunso mutha kupanga table yanu yoti `makiyi.sunga = ':w<CR>'` ipange keymap. Pa zowonjezera pa option pali `vim.opt.wildignore:append('*.o')` imene ikuchita ntchito ya `set wildignore+=` ija.

Amene izi sizikuwakwanira amapita ku Fennel, Lisp imene imasandulika Lua, yoyambitsidwa ndi Calvin Rose ndipo pano ikuyendetsedwa ndi Phil Hagelberg. Ili ndi ma macro enieni, code yolemba code ina, ndiye mutha kupanga macro yanu yoti `(onjeza! kukula 2)` isanduke `kukula = kukula + 2` pa nthawi ya compile.

Mtengo: metatable ndi ola limodzi ngati Lua mumaidziwa. Fennel ndi sabata kapena kuposa, chifukwa mukuphunzira chilankhulo chachiwiri pamwamba pa choyamba, ndipo zitsanzo zonse zomwe mungapeze pa intaneti zili mu Lua, muzizisintha nokha m'mutu.

Kupezeka: Neovim simaipeza yoikidwa kale pa seva, muyenera kuiika, ndipo za m'ma repository zimatsalira, Ubuntu 22.04 ili ndi 0.6.1, Debian 12 ili ndi 0.7.2, Ubuntu 24.04 ili ndi 0.9.5, pomwe ma plugin otchuka amafuna zatsopano. Ubwino wa Fennel n'woti chotuluka ndi Lua wamba. Plugin ya nfnl imapanga compile mukangosunga fayilo, ndiye mukaika Lua yotulukayo mu git, kompyuta ina siifunanso Fennel.

Kusamalira: Neovim imasintha API yake pafupipafupi kuposa Vim, mudzakumana ndi mauthenga oti function iyi yachotsedwa gwiritsani iyo. Ndi Fennel mwawonjezera chinthu chinanso choti muziyang'anira.

Zoopsa: pali msampha umodzi umene wagwira anthu ambiri. `vim.g.zosankha.mtundu = 'wofiira'` siipereka error iliyonse koma siisinthanso kanthu, chifukwa `vim.g.zosankha` imakubwezerani kope, mwasintha kope n'kulitaya. Muyenera kutenga table yonse, kuisintha, n'kuibwezera yonse. Ichi ndiye choipa cha `=` yokhala ndi tanthauzo lobisika, wowerenga sangadziwe pongoona. Ndipo `__newindex` imayenda pokhapokha dzinalo mulibe mu table, mukasunga chinthu mu table yomweyo ulendo wachiwiri function yanu siitanidwanso. Ku Fennel, error imatchula mzere wa mu Lua osati wa mu fayilo imene munalemba, muziyenda uku ndi uku pofufuza.

Njira yachinayi: macro ya Emacs Lisp

Ngati cholinga chanu chenicheni ndi kupanga nokha njira zatsopano zoikira zinthu, kuno ndiye kwawo kwa zimenezo, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa anthu a Vim ambiri sadziwa kuti kuno vutoli linathetsedwa mwa mtundu wina. Mu Emacs Lisp, chilankhulo cha editor ya Emacs, simupempha chilolezo kwa parser. Chilichonse ndi list, liwu loyamba ndi lomwe likulamula, ndiye macro yanu yopangidwa ndi `defmacro` ili pa mlingo umodzi ndi za eni ake.

Ndipo zambiri zinapangidwa kale. `setq` ndi yakale ija. `setf` imaika chinthu osati mu variable yokha komanso mu malo aliwonse odziwika, mutu wa list, danga la vector, kiyi ya hash table. Makina ake a panopa, gv.el, analembedwa ndi Stefan Monnier ndipo analowa mu Emacs 24.3 mu 2013. Taonani mzere uwu wowerengera kuti liwu lapezeka kangati:

`(cl-incf (gethash liwu kawerengedwe 0))`

Mzere umodzi womwewo wafufuza liwu mu table, ngati mulibe wayambira pa 0, wawonjezera 1, wabwezera. Mukaphunzitsa Emacs malo atsopano ndi `gv-define-setter`, nthawi yomweyo `setf`, `push`, `pop` ndi `cl-incf` zonse zimayamba kugwira ntchito pa malo amenewo popanda kulemba chinanso. Kwa ine ichi ndi chinthu chokongola kwambiri pa nkhani yonseyi. Emacs 28.1 mu 2022 inabweretsa `pcase-setq` yomasula list kuika mu ma variable angapo nthawi imodzi, ndipo Emacs 29.1 mu July 2023 inabweretsa `setopt`. Iyi inabwera pa vuto lenileni, ma option ena opangidwa ndi `defcustom` ali ndi function imene iyenera kuyenda akasinthidwa, `setq` imaidumpha function imeneyo ndiye munthu amadabwa kuti ndasintha koma palibe chachitika, pomwe `setopt` imaiitana ndi kuonanso ngati mwaika chinthu cha mtundu woyenera.

Mtengo: ngati muli kale pa Emacs, macro yoyamba ndi madzulo amodzi. Ngati muli pa Vim, mtengo ndi kusintha editor yonse, miyezi, ndipo sindingalangize munthu kutero chifukwa cha assignment yokha.

Kupezeka: macro yanu ili mu init.el yanu, imapita komwe fayiloyo yapita, ndipo `defmacro` ndi `setf` zili mu Emacs iliyonse imene mungakumane nayo lero. Zatsopano zokha ndiye muziona version, Ubuntu 22.04 ili ndi Emacs 27.1, Debian 12 ili ndi 28.2, onsewa `setopt` alibe. Komanso anthu a Emacs ambiri saika Emacs pa seva, amatsegula mafayilo a kutali ndi TRAMP kuchokera pa kompyuta yawo, ndiye vuto langa la usiku uja iwo silingawapeze.

Kusamalira: kochepa ndithu. Emacs imasunga zakale kwa zaka zambiri isanazichotse.

Zoopsa: malire oyamba, simudzapeza `x += 1` yokhala ndi chizindikiro pakati, Emacs Lisp siilola kusintha kawerengedwe ka zilembo, chilichonse chimayamba ndi liwu lolamula. Chachiwiri ndi vuto lomwe lija la kuyendetsa chinthu kawiri, macro yolembedwa mwachangu imaika malo aja kumanzere ndi kumanja, koma kuno mankhwala alipo, `gv-letplace`. Chachitatu chimapweteka mutu, macro imafutukulidwa pa nthawi ya compile, ndiye mukaisintha, mafayilo a .elc amene anapangidwa kale amakhalabe ndi yakale mkati mpaka muwapangenso compile. Mukakayika, `macroexpand-1` ikuonetsani code yeniyeni imene macro yanu ikutulutsa, ndipo ndi bwino kuiona musanaikhulupirire.

Njira yachisanu: kutsegula source n'kusintha parser yeniyeniyo

Iyi yokha ndi imene imapereka syntax yatsopano yeniyeni, ya maonekedwe amene mukufuna inu. Kuvuta kwake kumadalira editor.

NEdit, editor ya X11 imene Mark Edel anaiyamba ku Fermilab, ndi malo abwino ophunzirira. Chilankhulo chake cha ma macro chimafanana ndi C ndi awk, ma variable a global amayamba ndi `$`, ndipo `+=` ndi `++` zilimo kale. Grammar yonse ili mu fayilo imodzi ya yacc (pulogalamu yopanga parser kuchokera ku malamulo a grammar), parse.y, ndipo zoyendetsa zili mu interpret.c. Kuwonjezera mtundu watsopano wa assignment ndi ntchito zitatu, lexer (gawo lodula mzere m'mawu ndi zizindikiro) izindikire chizindikirocho, grammar ikhale ndi lamulo lake, ndipo lamulolo litulutse ma instruction oyenera pa stack. Yacc ili ndi ubwino woti imakuuzani ikaona kuti lamulo lanu likulimbana ndi lina, ma shift/reduce conflict aja. Musawanyalanyaze, chifukwa yacc imangosankha mbali imodzi n'kupitiriza, compile imatheka, ndipo macro yakale ya munthu wina ikhoza kuyamba kuwerengedwa mosiyana.

Vim ndi yolemera kwambiri. Parser yake inalembedwa pamanja mu C, palibe yacc yokuchenjezani. `let` yakale imayendetsedwa ndi `ex_let` mu evalvars.c, za mkati mwa `def` zili mu vim9compile.c, ndiye chinthu chimodzi muyenera kuchilemba malo awiri ndipo chichite mofanana. Kenako ma test mu src/testdir, mabuku a help, ndi fayilo ya syntax yopaka mitundu, apo ayi mzere wanu uzioneka ngati wolakwika ngakhale ukuyenda.

Zimatheka koma. `+=`, `-=` ndi `.=` zinabwera ndi Vim 7.0 mu 2006, ndipo `*=`, `/=` ndi `%=` zinadikira mpaka 2019, zaka 13, pomwe patch ya Ozaki Kiichi inalandiridwa ngati 8.1.0902 ija inandivutitsa pa seva. Taonani chifukwa chake inalowa popanda mkangano, `let x *= 2` kale inali error, ndiye panalibe script ya munthu aliyense imene ikanasweka. Chaka chomwecho panalowanso `..=`, `const`, ndi heredoc ya `let mawu =<< trim END` yoikira mizere ingapo mu variable. Koma pomwe kusintha kumakhudza tanthauzo la chinthu chakale, monga kadontho kamodzi kamene kamatanthauza kulumikiza mawu komanso kulowa mu dictionary, anachita kubweretsa command ya `scriptversion` kuti fayilo iliyonse izinena yokha malamulo amene ikutsata. Ndiye musanalembe mzere umodzi wa C, lembani syntax yanuyo mu editor ya lero muone ngati ikupereka error. Ikapereka error, malo alipo. Ikachita chinachake, kaya chachilendo bwanji, ndiye kuti malowo ali ndi mwini.

Mtengo: pa NEdit weekend imodzi kapena ziwiri ngati C ndi yacc mumazidziwa. Pa Vim masabata, kuphatikiza kukambirana ndi osamalira.

Kupezeka: patch ikakanidwa kapena musanaitumize, syntax yanu ili pa kompyuta imodzi pa dziko lonse. Ikalandiridwa, idzafika pa ma seva patapita zaka.

Kusamalira: kolemera kuposa zonse. Vim imalandira ma patch pafupifupi tsiku lililonse, ena ndi otseka mabowo a chitetezo, ndiye fork yanu, kope lanu la source limene mwasintha, muziigwirizanitsa ndi kuipanga compile nthawi zonse, mukatopa mwatsala ndi editor yakale yokhala ndi mabowo.

Zoopsa: cholakwika mu C si uthenga wofiira, ndi editor kugwa ndi ntchito yanu yosasungidwa. Ndipo script iliyonse imene mwalemba ndi syntax imeneyo yamangidwa ku fork yanu, tsiku lomwe mudzaisiye muyenera kuzilembanso zonse.

Ndiye ndani atenge iti

Ngati ntchito yanu ndi kulowa pa ma seva a anthu ena, lero uyu mawa uyo, khalani ndi `let` yakale, ndipo musagwiritse chilichonse chobwera pambuyo pa Vim 7.4 popanda kuchitsekera mu `if has('patch-8.1.0902')` kapena chofanana nacho. Command yanuyanu ndi yokwanira pa chinthu chimodzi chomwe mumabwereza kwambiri, bola muziipatsa ma variable a `g:` (ooneka paliponse) kapena `b:` (a fayilo imene mwatsegula) okha.

Ngati mumagwira pa kompyuta yanu yokha, Vim yanu ndi 9.0 kapena kuposa, ndipo chomwe chakutopetsani ndi `let` basi, pitani ku Vim9. Palibe chifukwa chomangira chinthu chomwe chilipo kale ndipo pali anthu ochisamalira.

Ngati mukulemba plugin yoti igwire pa Vim ndi Neovim zonse, zosankha mulibe, Vim script yakale ndi yokhayo imene onse awiri amamva.

Ngati muli pa Neovim, yambani ndi Lua wamba, `x = x + 1` yomweyo. Metatable muigwiritse pa malo amodzi omveka ngati ma keymap, ndipo muikepo comment yonena zomwe `=` ikuchita pamenepo. Fennel ndi ya amene Lisp amaikonda kale, ndipo Lua yotuluka muziisunga mu git.

Ngati muli pa Emacs, fufuzani kaye ngati `setf`, `pcase-setq` kapena `setopt` sizikuchita kale zomwe mukufuna, nthawi zambiri zimakhala zikuchita. Zikapanda kutero yambani ndi `gv-define-setter` musanafike pa `defmacro`.

Ngati ndinu wophunzira amene akufuna kumvetsa mmene chilankhulo chimamangidwira, kaya ku yunivesite kaya panokha kunyumba, tengani source ya NEdit, tsegulani parse.y, pezani pomwe `+=` yalembedwa, mutsatire ulendo wake kuchoka mu lexer mpaka mu interpret.c, kenako muwonjezere yanu pambali pake. Ndipo ngati mwapeza mpata weniweni mu Vim, syntax imene lero ndi error ndipo ingathandize anthu ambiri, musayambe ndi fork, tsegulani issue pa GitHub ya Vim mufotokoze ganizolo ndi zitsanzo ziwiri zitatu za code imene ingafupike, mumve kaye zomwe osamalira anena, kenako mulembe patch pamodzi ndi ma test ake.